Khitchini ya pa Pepala

LOLEMBA

Bukuli wandipatsa Rajabu. Akuti pamene pakumangidwa chinthu sipasowa buku, zochitika zonse zizilembedwa tsiku lomwelo. Ine pensulo ndinaisiyira Sitandade 3, zala zinauma ndi khasu, koma ndilemba. Woseka aseke.

Choyamba, chimwemwe changa. Rajabu akupita ku Mangalande! Mwana wa achimwene anga malemu, amene ndamulera ine kuyambira ali wa mamina, akukakwera ndege! Mwana yemwe ankalira pokwera bwato! Zaka ziwiri. Ine ndimayesa sukulu inathera ku Blantyre kuja anavala chipewa cha makona anayi, eti pamwamba pa digiri palinso ina. Akuti Masitala. Ya zomangamanga. Alhamdulillah! Pa siteji ya basi ndaimba nthungululu mpaka kondakitala kunena kuti mayi tatsitsani kaye katundu.

Wafika lero masana. Loweruka tichita pemphero la duwa ndi phwando lomutsazika. Lamulungu abwerera ku Lilongwe kukakwera ndegeyo.

Chachiwiri. Khitchini ndagumula.

Ndagumula mamawa iye asanafike. Inali yopendekeka kale, denga lodontha, nsichi zonse chiswe chinadya. Ndinati mmisiri wopita ku Mangalande akubwera pakhomo, ine ndiziphikirabe m'khola la nkhuku? Zonse ndinakonza kale:

zidina, ndinaumba ndekha mwezi wa Ogasiti, zili kuseri, zosaotcha koma zouma gwa
udzu wofolera
mapaso
luzi
thobwa mbiya ziwiri
anthu, ndawaitana mawa

Ndipo pachitsime ndayankhula kale. Pamaso pa aMwanaisha. AMwanaisha ndi a nyumba yoyandikana nafe. Mwana wawo amayendetsa thalakitala ku nzimbe ku Dwangwa, anawamangira khitchini ya malata, ndiye chiyambire tsikulo akamayankhula amayang'ana kumwamba ngati nkhuku ikumwa madzi. Ndawauza kuti mpunga wa Loweruka uphikidwa m'khitchini yatsopano, yomanga mwana wanga ndi manja ake. Amva onse, ngakhale ogontha aja a kwa Shaibu. Mawu atuluka, sabwerera.

Rajabu atafika waima pa mulu wa dothi nthawi yaitali, sutikesi ili m'manja.

“Azakhali, ine sindimanga.”

Ndati nanga zaka zonse zija umatani?

“Ndimayang'anira omanga. Kukonza ndondomeko, nthawi, zipangizo, kuti ntchito iyende.”

Ndaseka. Mwanayu ngodzichepetsa, anatengera bambo ake.

Abambo a Fatuma, amuna anga, ali pansi pa mango kusoka ukonde. Anena liwu limodzi lokha: “Tiona.”

Ndaphika pa mafuwa pabwalo, nkhuku zikundizungulira. Masiku asanu okha. Sindifa.

LACHIWIRI

M'mawa.

Anthu abwera! Amuna ndi makasu, akazi ndi ndowa. Kuno ndi mmene timamangira: uphike thobwa, uitane anthu, pofika madzulo khoma laima. Afundi Bwanali nawonso afika ndi kampeni kawo komangira. Theka la nyumba za mudzi uno anamanga iwowa, pepala sanaligwirepo. Ayenda mapazi asanu ndi awiri uku, asanu uku, alemba mzere ndi chala chachikulu cha kuphazi. “Tiyeni tikumbe.”

Rajabu akuti dikirani.

Watulutsa:

tepi
mapensulo atatu
rula
kathabwa kokhala ndi diso la madzi pakati, akuti levulo
pepala lalikulu ngati mkeka woswalira

Kenako mafunso. Mwera umaomba kuchokera kuti? Miphika muli nayo ingati? Mumaphika chokhala kapena choimirira? Madzi a mvula amatsetserekera kuti? Mayo ine! Wandiyeza ndi tepi ine mwini wake, kumutu mpaka kumapazi, anthu akuonerera. Akuti za kutalika kwa chitseko.

AMwanaisha ali pa mpanda: “Mai a Fatuma, akukuyezani khitchini kapena nsanda?”

Ndaseka nawo.

Masana.

Rajabu akufuna zikhomo. Ndamupatsa mitengo ya chinangwa ija ndinasunga pamthunzi yoti ndidzabzale. Wadula, wakhoma, wakoka ulusi wa ukonde wa abambo a Fatuma. Kukhoma, kuyeza, kuzula. Kukhomanso, kuyezanso. Anthu akhala pansi. Afundi Bwanali agona chagada chipewa kumaso. Thobwa la ntchito lamwedwa lonse popanda ntchito. Mbiya ziwiri! Wina wafunsanso ngati kuli mbatata.

Rajabu wandiitanira pambali. Akuti azakhali, ntchitoyi ndi ya masabata atatu. Ndati masiku asanu, ndipo limodzi wadya kale ndi tepi yako. Wakanda m'mutu. Akuti chabwino, koma tiyambe tamanga kachisakasa kofunditsa zidina, mvula ingagwe.

Ha! Ndimangire nyumba zidina, miphika yanga ikugona panja? Mvula mu Okutobala? Kumwamba kuli mbee ngati mbale yotsuka. Udzu wanga ndi wa denga, si bulangete la zidina. Ndakana.

“Lembani m'bukumo kuti ndinanena.”

Ndalemba. Wanena.

Madzulo.

Pepala lina walikhoma pa mtengo wa mango. Mizere, timabokosi, mayina a anthu, maola. Ine ndili m'bokosi la madzi, sikisi koloko mpaka eyiti. Kupatsidwa maola pakhomo panga pomwe! Koma dzanja lake, abale, zilembo zoima ngati asilikali. AMwanaisha aona. Mwana wawo dzina lake lomwe amalemba ngati nkhuku yapalasa.

Zikhomo zokhomedwa: khumi ndi ziwiri.
Zidina zoikidwa: palibe.
Abambo a Fatuma: “Tiona.”

LACHITATU

Za lero n'zoopsa koma ndilemba.

Dzulo Rajabu anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti mawa seveni koloko kuli msonkhano wa pamalo a ntchito. Ine sindinadziwe. Ndikanamutseka pakamwa ndi chikhatho. Mwana wakhalitsa m'mabuku! Dziko lino munthu amangoitana msonkhano ngati akuitana nkhuku?

Seveni koloko. Anthu akhala pansi pa mango. Rajabu waima kutsogolo, akuitana mayina, akuchonga. Wafika pa dzina lachisanu ndi chimodzi, ndangoona atcheyamani a nthambi ya chipani akulowa, ndodo m'manja, anyamata awiri pambuyo.

“Msonkhano uwu waloleza ndani?”



Atcheyamani apita pa mtengo, ayang'ana pepala. “Mayina awa akupita kuti? Mabokosi awa mukuikamo chiyani?”

Rajabu akufotokoza. Akuti ndi ndondomeko, bwana, mzere uwu ndi maziko, uwu ndi denga. Chizungu chikutuluka chokha m'kamwa, ndipo pamene chikutuluka nkhope ya atcheyamani ikuda. Liwu limodzi la bambo awa ku boma, pasipoti ithera m'kabati, ndege ipita yokha.

“Makhadi! Aliyense khadi ya chipani m'manja!”

Sindinadziwe kuti mudzi uno uli ndi othamanga chonchi. M'munda wa chinangwa mwangomveka phwatha phwatha. Agogo a Shaibu, amene dzulo amati nyamakazi yawagwira, adumpha mpanda. Pa anthu onse aja atsala asanu ndi afundi Bwanali.

Ndagwada. Ndatulutsa khadi yanga, ya abambo a Fatuma, ya Rajabu, ndi ya chaka chatha yomwe. Ndati bambo, ndi khitchini chabe, mwana sadziwa mwambo, tinachedwa kudzakugwadirani. Ndati musachoke ndi njala.

Tambala wa Loweruka wapita. Tambala wanga wofiira, ndamunenepetsa miyezi itatu! Abambo a Fatuma amuzinga mwamsanga, Bismillah yomwe sinamveke bwino. Nthenga ndasosola ndikulira.

Masana.

Atcheyamani adya. Ntchafu zonse ziwiri, chiwindi, nthutumba. Asamba m'manja, ageya, ayang'ananso pepala. Tsopano akuti ichi ndi chitukuko. Akuti mwana wa m'nthambi yawo kupita ku Mangalande ndi ulemu wa dera lonse. Akuti njerwa yoyamba aika iwowo.

Chidina changa akana, akuti ndi chadothi wamba. Atumiza kwawo kukatenga njerwa yootcha, yofiira. Anyamuka nayo ngati khanda. Ayang'ana uku, ayang'ana uku, aiika pansi. Taomba m'manja. Ine ndaimba nthungululu, nanga nditani.

Aiika pakhomo penipeni. Pomwe Rajabu analemba chitseko.

Atapita ndati tiisunthe pang'ono. Afundi Bwanali: “Isunthe ndi iwe, mwana wa mapepala. Ine ndili ndi akazi awiri.”

Palibe waigwira. Ndaivindikira ndi beseni kuti mbuzi ingaigunde.

Madzulo.

Rajabu akujambulanso pulani kuti chitseko chipite mbali ina. Akuti njerwa imodziyo yasuntha zenera, zenera lasuntha mafuwa, mafuwa asuntha china chake. Ndamufunsa ngati ku Mangalande akaphunzira zimenezi. Akuti inde azakhali, pali phunziro lonse la mmene ungakhalire ndi anthu okhudzidwa ndi ntchito. Ndati phunziro limenelo ndakuphunzitsa ine lero, ndi tambala.

Zoikidwa: njerwa imodzi, polakwika.
Tambala: palibe.
Masiku otsala: awiri.
“Tiona.”

LACHINAYI

M'mawa.

Abwera a makhadi okhaokha. Asanu. Thobwa palibe, ndawapatsa tiyi ndi chinangwa chophika, andiyang'ana ngati ndawatukwana.

Maziko. Rajabu akufuna akumbe mpaka m'bondo, akuti pano ndi pamchenga. Afundi Bwanali akuti khitchini ya agogo ake inalibe maziko koma inaika m'manda amuna awiri. Akangana. Akumbabe. Ine ndikuyang'ana dzenjelo, ndikukumbuka za nsanda za aMwanaisha zija. Astaghfirullah.

Teni koloko uthenga: amayi onse kubwalo la sukulu kukayeserera nyimbo ndi magule, mwezi wamawa kukubwera akuluakulu. Lero! Pa pepala la pa mango lero ndi bokosi lalikulu la madzi ndi matope! Koma zimenezi sukana. Tadzaza dilamu mothamanga, ndamanga nsalu, ndapita.

Rajabu nayenso wapita ku boma, kukabayitsa katemera wa paulendo ndi kujambulitsa. Wasiya malangizo masamba awiri. Afundi Bwanali ayatsira fodya.

Kubwalo. Dzuwa, fumbi. Miyendo ikuvina, mutu uli ku khitchini. Ndaphonya katatu, otsogolera nyimbo anditchula dzina. AMwanaisha pafupi nane akuvina ngati alibe mafupa: “Mai a Fatuma, utsi watuluka kale m'khitchinimo?”

Masana.

Ndafika pakhomo, ndataya nsapato! KHOMA! Mbali zonse zinayi, lofika m'chiuno! Afundi Bwanali, atangotsala okha, amanga ngati mphepo. Njerwa ya atcheyamani aizungulira bwinobwino, beseni lili pomwepo. Ndaimba nthungululu. Ndapita kwa aMwanaisha kukapempha mchere, mchere ndili nawo wodzaza chitini, ndimangofuna atuluke aone. Aona. Angoti “Mmm.” Mmm ameneyo wanditsekemera kuposa shuga wa ku Dwangwa.

Folo koloko Rajabu wafika, mkono wotupa. Sanamwe n'komwe madzi. Watenga levulo, waiika pakhoma. Diso la madzi lija lathawira kumbali ngati mwana wakuba. Waika kwina. Lathawanso.

“Latsamira zala zitatu, azakhali. Likakwera ligwa.”

Ndati likadzagwa tidzalidzutsa.

“Lidzagwera inuyo. Mumaphika chokhala, munanena nokha.”

Afundi Bwanali aimirira. “Iwe mwana, makoma anga onse amatsamira. Ili litsamira ilo, ilo litsamira ili, n'chifukwa chake sagwa. Ukwati wa azakhali akowa ukuganiza unaima bwanji?”

Abambo a Fatuma atsokomola.

Rajabu wapepesa, wagwada n'kugwada, koma akuti dzina lake silingakhale pa khoma loti lidzapha azakhali ake. Wavula malaya. Sabata yonse ino manja ake agwira chidina koyamba lero. Kuchotsa! Chimodzi chimodzi, n'kumasanja pambali mwaulemu.

Afundi Bwanali apukuta kampeni kawo, akaika m'thumba. “Akamange ku Mangalande.” Apita.

Ndimukalipire? Mwana akugumula khoma langa chifukwa chondikonda. Ndikalira amva chisoni, ndikatukwana ndichimwa. Ndakalipira mbuzi.

Zoikidwa: zambiri.
Zochotsedwa: zomwezo.
Zotsala: imodzi ija.
Mchere wa aMwanaisha: ndiyenera kukabweza.

LACHISANU

M'mawa.

Ndalawira kwa afundi Bwanali ndi lichero la mpunga wa faya ndi mpasa wouma wa ku Bua, womwe ndimasungira ashehe. Ndagwada pakhonde. Ndati afundi, si za mwana, ndi za nkhope yanga. Mawa mudzi wonse ubwera. Akazi awo onse awiri andithandiza kupempha, nawonso aMwanaisha anawatopetsa.

Avomera. Malamulo awo:

mwana wa mapepala akhale pa mkeka
levulo ikhale m'sutikesi
pasamveke liwu loti ndondomeko

Rajabu wavomera, koma wapempha chimodzi, kuti atsatire ulusi. Afundi akuti ulusiwo ndi wa nsomba koma chabwino.

Ntchito ikuyenda! Othawa makhadi aja abweranso, akugwira kuseri komwe sikuoneka ku msewu. Ine ndikuponda matope ndekha, nsalu m'chiuno. Khoma m'bondo. Khoma m'chiuno. Khoma pachifuwa! Lowongoka, chifukwa cha ulusi, koma zimenezi sitikunena mokweza. Rajabu ali pa mkeka, manja wawakhalira, milomo ikuyenda yokha ngati akuwerenga mikanda ya tasibihi. Kawiri wayang'ana kumwamba cha kunyanja. Ine sindinayang'ane. Kutentha kwa lero nkoopsa, mphepo palibe.

Dzuwa pamutu. Amuna onse asamba, avala mikanjo, apita ku mzikiti ku Juma. Akabwera amalize mizere inayi, aike mapaso, mawa mamawa kufolera. Ndawerengera, zikutheka. Ndayamba kale kuganiza mmene ndiwalowetsere aMwanaisha: lowani anzanga, samalani mutu, chitseko anayeza pa ine.

Masana.

Mvula.

Chizimalupsa. Ndinachiiwala ine, mayi wa zaka zanga, wobadwira pano! Chaka chilichonse chimabwera mvula yeniyeni isanayambe, chaka chilichonse timadabwa. Kwangoda kunyanja, kwagunda kamodzi, basi ngati wina wagubuduza dilamu kumwamba.

Ndili ndekha. Ndathamanga ndi mkeka, ndafunditsa ngodya imodzi. Ndi lichero, ngodya ina. Ndi chiyani china? Udzu uli womanga mitolo, mfundo zake ndinamanga ndekha zolimba. Matope a pakati pa zidina akali aawisi, akuyenderera ngati phala la mwana. Ndikugwira khoma ndi manja, ndikuliuza kuti pirira, pirira. Lakhala pansi pang'onopang'ono, ngati nkhalamba yotopa. Kenako linzake. Afundi ananena zoona, amatsamirana.

Kuseri, mulu wa zidina zanga za Ogasiti wasanduka chulu.

Rajabu wafika akuthamanga, mkanjo wonyowa, patapata imodzi. Sanayang'ane khoma. Walunjika pansi pa mango pomwe ndinasiya thumba la mpunga wa phwando, ine ndinaliiwala. Walowa m'nyumba, watuluka ndi chijasi chake chatsopano, chija wagula cha kuzizira kwa ku Mangalande, wafunditsa thumba, walisenza mpaka pakhonde. Mpunga wapulumuka. Chijasi chikununkha ngati galu wonyowa.

Mvula yakata, dzuwa latuluka ngati silinalakwe kanthu. Tonse taima. Maziko adzaza madzi, achule afika kale, sindikudziwa anamva kwa ndani.

Ndimadikira anene. Tsamba la Lachiwiri lili pompa, ndinalemba ndi dzanja langa. Sananene. Wangoti, “Azakhali, mwanyowa, kasintheni.” Bola akanandinyoza, ndikanapeza poyankhira.

Ndavundukula beseni. Njerwa ya atcheyamani ili gwa, youma, yofiira.

Abambo a Fatuma atsegula pakamwa. Ndawaloza ndi chikuni. Atseka.

LOWERUKA

Mamawa aMwanaisha afika okha, mpango watsopano kumutu, mawu ofewa ngati nthochi yakupsa.

“Mai a Fatuma, pepani ndi ngozi. Nkhuni zanu zanyowa, bwalo ndi matope. Kaphikireni kwathu. Ndi ya malata chabe, yomanga woyendetsa thalakitala, koma siidontha.”

Ndimeze chiyani? Ndameza. Alendo akubwera, ashehe akubwera, mpunga sungaphikidwe ndi manyazi. Ndasenza miphika yanga ndekha, kudutsa pampanda, akazi onse a pachitsime akuona. Mtunda wa mapazi makumi awiri koma ndayenda ngati wa ku Dwangwa.

Khitchini yawo ndi yabwino. Ndalemba, Mulungu akuona. Ili ndi alumali.

Zomwe ndamva ndikuphika:

“Samalani mutu, chitsekochi sanayeze pa munthu.”
“Kwanu kuja utsi sukuvutani, mpweya mbali zonse.”
“Masitala imeneyi ndi ya kumanga kapena ya kukumba maiwe a nsomba?”

Ndavundula mpunga mpaka mthiko kupindika.

Masana.

Anthu adzaza bwalo. Abale a ku Ngala, a ku Bua, ena sindikuwadziwa koma mbale abwera nazo. Tambala palibe, tapha nkhuku ziwiri zoikira. Ashehe achita duwa, apempha kuti mwana ayende bwino, asakadye zosayenera, akabwere ndi nzeru osati ndi mkazi wosadziwa kusinja. Amina! Apa ndalira. Achimwene anga akanakhalapo. Mwana ali pa mkeka wa kutsogolo, suti yakuda, tsitsi lometa bwino. Wanga ameneyo. Nthungululu yatuluka yokha, matope kapena ayi.

Atatha kudya alendo akufuna kuona khitchini yomwe inamveka mpaka ku Ngala. Ndimafuna nthaka indimeze. Rajabu waimirira, watambasula pepala lalikulu lija, wawatsogolera m'mbali mwa dzenje. Akuloza: apa chitseko, apa zenera, apa potulukira utsi kuti azakhali asamatsokomole, apa alumali atatu. Atatu! A aMwanaisha ndi awiri. Amalume a ku Bua avula chipewa. Wina walowa pakati pa ulusi, wawerama pa chitseko chomwe palibe. Anthu akugwedeza mitu, akuti khitchini ngati iyi kuno sinaonekepo.

Zoona. Sinaoneke.

Atcheyamani ayankhula. Akuti onani, mvula yagwetsa zonse koma njerwa yomwe anaika iwo yaima, phunzirani pamenepo. Taomba m'manja. Za beseni langa palibe watchula.

Afundi Bwanali adya mbale ziwiri, kenako ndawaona kuseri levulo yatuluka m'sutikesi, akuitembenuza, akuiyang'ana m'diso. Atandiona aibisa kumbuyo.

Madzulo ndakatsuka khitchini ya aMwanaisha, ndakolopa, ndabweza mchere. Iwo akuti: “Mubwerenso mawa anzanga, zaka ziwiri si kanthu.”

Miyendo ikuwawa. Msana ukuwawa. Nkhope ndiye ndaisiya pampanda.

LAMULUNGU

Wapita.

Basi inabwera mochedwa, ndinathokoza. Ndamumangira mpunga, usipa wouma, ufa wa kondowole pang'ono. Akuti m'ndege salola, ndati ukawauze kuti ndi azakhali. Chijasi sichinaume bwino, wachinyamula pamkono. Levulo wawasiyira afundi Bwanali. Alandira ndi manja awiri, akuti aziyezera thobwa.

Pa siteji wandigwira dzanja. “Azakhali, zikhomo zija musazule. Muyeso wake ndi wolondola. Ndikabwera tidzayambira pomwepo, ndi njerwa zootcha, ndi nthawi yokwanira.” Ndalonjeza. Nthungululu yakanika. Ndangokweza dzanja mpaka fumbi litatha.

Pakhomo zii.

Zomwe ndili nazo:

dzenje la makona anayi
achule
chulu cha zidina
udzu wonyowa
pepala lokongola, ndaliika m'sutikesi yanga pamodzi ndi nsalu za pa Idi
njerwa imodzi yosagwirika
mafuwa atatu pansi pa mango

Afundi akuti sabata yamawa andiimikira kachisakasa ka nsichi ndi udzu kuseri, kongodutsira dzinja. Kofanana ndendende ndi kaja ndinagumula Lolemba. Ndavomera. Kwa aMwanaisha sindipitanso, bola utsi ndi mvula.

Masana abambo a Fatuma asiya ukonde. Ayenda mpaka pa dzenje, anjuta pa chikhomo chimodzi, akanda khungwa ndi chikhadabo. Chobiriwira. Apita pa china. Chobiriwira. Mitengo ya chinangwa ija, mwana anaikhoma maso ali kumwamba, mvula yaithirira.

“Chagwira,” atero. “Zonse.”

Ndati nanga lero simunena kuti tiona?

“Taona.”

Mitengo khumi ndi iwiri ya chinangwa, mizere yowongoka yomwe mudzi uno sunaonepo, yoyeza ndi tepi, yokonza munthu wa digiri. Chinangwa ndi chaka chimodzi. Masitala ndi zaka ziwiri. Ndinalonjeza kuti sindizula, ndipo sindizula. Ndizingofukula m'mbali.

Bukuli ndikutseka, ndikapalase moto mvula isanabwerenso. Khitchini ya mwana wanga sindiphikiramo chaka chino. Koma Inshallah, tiidya.